Zitheba Zokwera Ndege

Kwathu ku Dzivarasekwa, mumzinda wa Harare, tinakula ndi zitheba zopindika. Zina zinali zokhota ngati mbedza, zina zamimba, zina zokhala ndi kachipsera pomwe kachilombo kanalawa n'kusiya. Amayi ankabwera nazo m'jumbo Lachisanu lililonse, ndipo mpaka nditasinkhuka ndithu ndinkayesa kuti ndi mmene Mulungu anazilengera. Tsiku lomwe ndinamva kuti kunja kuno kuli zitheba zoongoka, ndiponso kuti amayi anga omwewa amazigwira tsiku lonse, ndinakwiya ngati andibisira m'bale.

Amayi ankagwira ntchito pa shedi ina ya njira yopita ku bwalo la ndege. Alimi ankatula zitheba pamenepo, ndipo amayi ndi anzawo, atavala zisoti zoyera m'chipinda chozizira, ankaima m'mbali mwa thebulo lalitali n'kumasankha. Choongoka, chanthete, choonda kuposa pensulo chinkapita kudzanja lamanja. Chotsala chilichonse chinkapita kumanzere. Zakumanja ankaziyala m'timapaketi, mitu mbali imodzi, ndipo tsiku lomwelo zinkakwera ndege kupita ku Ulaya. Zakumanzere zinkakwera kombi pamodzi ndi amayi.

Ine ndinabadwa ndi matenda ofunsa, ndipo sindinachire. Ndinkawatsata amayi mpaka pampopi.

"Amayi, azunguwo chopindika chimawatsamwa?"

"Tenga ndowa."

"Nanga anayamba ndani kunena kuti choongoka ndiye chabwino?"

"Iwe udzakwatiwa ndi wapolisi, muzikafunsana bwino."

"Koma inuyo munalawapo?"

Funso limeneli lokha ndi lomwe ankaliyankha atandiyang'ana. "Za ndege sitidya," ankatero. Pashedipo munthu akapezeka akutafuna chakumanja, ankavula chisoti pomwepo n'kuuyamba wa kwawo. Koma kwa amayi silinali lamulo chabe. Ankanyadira kuti kwinakwake kutali, m'dziko lomwe sadzapondako, munthu amatsegula kapaketi n'kupeza zonse zili bwino chifukwa cha diso lawo. Makapitawo ankati wophunzira ntchito aziima pafupi ndi amayi. Ankatha kusankha akucheza, maso ali kwina, zala zokha zikuona.

Makolo a bambo ndi a amayi omwe anachokera ku Malawi kale, kudzafuna ntchito m'mapulazi a fodya. Ife tinabadwira konkuno, ndipo kumudzi tilibe. Anzathu Achishona zinthu zikavuta amakwera basi kupita kumusha, monga amanenera, n'kubwerako ndi thumba la chimanga ndi nkhuku yomanga miyendo. Ife kumusha kwathu ndi nyumba ya zipinda zinayi yomwe bambo anasiya, ndi mtengo wa mapeyala womwe anabzala kuseri. Amayi ankati maliro awo adzatulukira pakhomo lomwelo pomwe anatulukira a bambo.

Kenako chinafika chaka chija chomwe aliyense wa ku Harare ali ndi nkhani yake. M'masitolo munali mashelefu okhaokha, ndalama ya m'mawa pofika madzulo inali pepala, ku Budiriro anthu ankafa ndi kolera. Ine nthawi imeneyo ndinali nditabwerera pakhomo pa amayi ndi mwana wanga wamkazi, banja litatha, ndipo ndinkaluka anthu tsitsi pakhonde. Tinkalimba mtima ndi chinthu chimodzi, chakuti shedi ya amayi sinkadalira matumba athu obookawa. Ogula anali kutsidya kwa nyanja, komwe ndalama ndi ndalama. Choncho amayi atayamba kupita masiku atatu pa sabata, kenako awiri, ndinadabwa kwambiri kuposa mmene ndinadandaulira. Njala inali kuno. Nanga azungu anasiyiranji kudya?

Tsiku lotseka shedi, kapitawo wawo, bambo wina wachikulire wa kwawo ku Chipata, anawasonkhanitsa pageti. Anati n'zakanthawi. Anati maoda akabweranso kampani izidzagula kwa alimi ang'onoang'ono, ndiye aliyense amene ali ndi kadimba abzale, lole idzazungulira. M'malo mwa malipiro omaliza, omwe sakanagula ngakhale buledi, anawagawira mbewu yotsala m'nyumba yosungira katundu. Amayi anafika nayo kunyumba atayimanga m'chisoti chawo choyera.

Sabata yomweyo achimwene anga anaimba foni kuchokera ku Joni. Iwo sazungulira polankhula. Anati amayi atseke nyumba kapena andisiyire ine, apite akakhale nawo, akalere adzukulu, kumeneko sitolo ndi sitolo. Amayi anamvetsera mpaka anamaliza.

"Ndipatse nyengo imodzi," anatero. "Zitheba zanga zikakwera ndege, ndikhala pano, usadzandivutitsenso. Zikapanda kukwera, ndibwera ndekha, sudzachita kundikoka."

Achimwene anavomera msanga, ndipo ine ndinachita mantha ndi kuvomera kwawoko. Amayi anga sabweza mawu. Anakhalapo chaka osalankhula ndi mng'ono wawo chifukwa ananena kuti sadzayamba ndi iwo.

Kumunsi kwa lokeshoni yathu kuli dambo lomwe anthu anagawana timinda popanda pepala lililonse. Kathu kanali kachigawo kotalika ngati mabasi awiri, kokhala ndi chitsime chokumba pamanja. Aliyense kumeneko chaka chimenecho ankabzala zolowa m'mimba msanga: repu, mbatata, chimanga chothirira. Amayi anazula repu wathu yense, anamanga chingwe, n'kubzala zitheba m'mizere yoongoka bwino. Mayi wa munda woyandikana nawo anaima atagwira m'chiuno n'kufunsa ngati tayamba kulimira alendo pomwe ana athu akugona ndi njala. Amayi anangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, n'kupitiriza kuyeza mipata ndi kamtengo.

Ndivomere kuti ndinaikonda ntchitoyo. Ndinali ndisanaonepo amayi akuchita chinthu chomwe amachidziwa kuposa munthu wina aliyense pamalopo. Ankathirira ndi keni patsinde, osanyowetsa masamba. Ankandiletsa kulowa m'mizere mame asanaume, ati manja amanyamula matenda. Ankadziwa kuti chitheba chimapindika chikakhudza dothi kapena chikamva ludzu tsiku limodzi lokha. Zimenezi zinayankha funso langa limodzi laubwana: kupindika si chibadwa, ndi zomwe chakumana nazo. Miyendo ya amayi inali yotupa kale chifukwa cha zaka zoimirira pasimenti yozizira, koma ankatsika kudambo kawiri pa tsiku, makeni awiri m'manja, osalola kuti ndiwalandire onse.

Zitabereka, zinabereka mochititsa manyazi aja ankatiseka. Tinkathyola m'mawa uliwonse, chifukwa chitheba cha ndege ukachisiya masiku awiri chimanenepa n'kutuluka m'giredi. Kunyumba amayi anagwetsa chitseko chakale pamigolo iwiri pansi pa mtengo wa mapeyala, anavala chisoti chawo, n'kuyamba kusankha. Kumanja, kumanzere, kumanja, kumanja. Zakumanja ankaziyala m'makatoni n'kufunditsa masaka onyowa, popeza firiji tinalibe, ndipo ngakhale tikanakhala nayo magetsi ankabwera ngati mlendo. Zakumanzere zinkapita mumphika. Vuto linali lakuti amayi analima bwino kwambiri, moti zakumanzere zinali zochepa, osakwana n'komwe anthu atatu.

Mwana wanga, yemwe Chishona chimamuyenda pakamwa kuposa Chichewa, anakweza saka tsiku lina n'kufunsa, "Gogo, ko idzi?" Ndiye kuti, nanga izi?

"Siya. Za ndege sitidya."

Foni ya kapitawo sinkapezeka. Tsiku loyamba amayi anati ndi netiweki. Lachiwiri anati mwina lole ilibe mafuta. Lachitatu anayamba kutulutsa m'makatoni zomwe zinafota, n'kuikamo zatsopano, ndipo lole iliyonse ikamveka pamsewu ankaimitsa manja osatembenuka. Ine mtima unandiwawa, komanso, ndisaname, mafunso ankandiyabwa. Safunsa anadya phula. Ndinadziwa kuti bambo aja amakhala ku Highfield, choncho ndinanamizira kuti ndili ndi kasitomala wa tsitsi, n'kukwera kombi.

Sindinavutike kuwapeza. Anali pamasitolo a pa Machipisa, atakhala pakireti, akugulitsa anyezi wa m'timatumba tofiira. Atandizindikira anavula chipewa, ngati kuti wamkulu ndine.

"Amayi ako anabzala?" anafunsa.

"Anabzala, bambo. Zapsa. Akudikira lole."

Anayang'ana pansi. Kenako anasuntha, n'kundipatsa theka la kireti kuti ndikhale.

"Mwana wanga, lole kulibe. Anaigulitsa. Makina oziziritsa aja anawamasula sabata yatha."

Ndinayenera kukalipa, ndipo ndinabwera nditakonzeka kutero. Koma chomwe chinatuluka m'kamwa mwanga chinali funso langa lomwe lija, lakuti azungu asiyiranji kudya zitheba.

"Kumenekonso kwagwa chaka choipa," anatero. "Mabanki awo akugwa, anthu akuchotsedwa ntchito, ena akulandidwa nyumba. Munthu akalowa m'sitolo sayang'ananso kuongoka, amayang'ana mtengo. Ndiye eni masitolo anauza onse owatumizira kuti atsitse."

"Ndiye bwanji simunatsitse?"

"Titsitsa chiyani? Anzathu a ku Kenya ndege zimanyamuka tsiku ndi tsiku, zodzaza, ndiye kunyamula kumatchipa. Ife ndege yapatalipatali, mafuta ogula kuseri, magetsi akazima jenereta imadya phindu lonse. Chitheba chathu chimafika kumeneko chodula, chotopa kale. Pamene zinthu zinali bwino ankatipirira chifukwa cha manja ngati a amayi ako. Pano palibe wolipira manja."

"Ndiye za ku Kenya n'zokoma kuposa zathu?"

Anaseka koyamba. "Ine ndingadziwe bwanji? Zathu zomwezi sindinalawepo."

Ndinatola katumba kamodzi ka anyezi n'kuwerenga kapepala kake. Anali wochokera ku South Africa. Ndinawafunsa kuti zimatheka bwanji kuti anyezi awoloke Limpopo, ayende usana ndi usiku, n'kudzatchipa kuposa wa ku Domboshava komwe munthu angapite n'kubwerako tsiku lomwelo. Anati funso limenelo ndi lomwe lija la zitheba, langotembenuka. Pomaliza ndinawafunsa chifukwa chomwe anauzira amayi kuti abzale.

"Ndinkakhulupirira nanenso," anatero. "Kuseri kwa nyumba yanga ziliko, zakula ngati zala. Uwauze amayi ako apite nazo kumsika wa ku Mbare zisanafote. Uwauzenso kuti ndachita manyazi."

Ndinawauza amayi zonse, osachotsapo kanthu, ali pachitseko chawo chosankhira. Sanasiye kusankha mpaka mulu unatha. Kenako anati, "Ku Mbare kulinso anthu a maso. Mawa tilawirire." Sanatchule za lonjezo lawo, ndipo ine ndinaganiza kuti mwina zikagulidwa bwino kumsika adzapeza pothawira.

Anavala diresi lawo la kutchalitchi. Tinafika pamsika wa alimi dzuwa likutuluka, tinapeza kampata pakati pa bambo wa makabichi ndi mnyamata wina wa ku Mutoko, ndipo amayi anatsegula makatoni. Zitheba zinali zitagona m'mizere, mitu mbali imodzi, zobiriwira bwino. Anthu ankaima ndithu kuti aone. Mayi woyamba, wa aja ogulitsa pamatebulo m'lokeshoni, anatola chimodzi, anachiyang'ana cha kudzuwa, n'kufunsa m'Chishona ngati tikugulitsa masingano. Anzake anafa nacho chiseko.

Apa ndi pomwe ndinaphunzira zomwe amayi, ndi ukatswiri wawo wonse, sankazidziwa. Ku Mbare sagula ndi maso a ku Ulaya. Mayi wa tebulo amagula ndi ndowa n'kukagulitsa timilu, ndiye amafuna chitheba chonenepa, choti zisanu zokha zioneke mulu, chokhala ndi nyemba m'kati kuti mwana akadya amve kuti wadya. Mnyamata wa ku Mutoko uja anali ndi zitheba zokhwima, zokhota, zina zamawanga, zomwe pashedi sakanazilola n'kulowa pageti pomwe. Ankazitapa ndi manja awiri ngati makala, ndipo anthu ankalimbirana.

Mayi wina wachikulire anatimvera chisoni. "Amayi, mwathyola makanda," anatero. "Mukanazisiya sabata ina zikanadzaza ndowa zitatu m'malo mwa imodzi."

"Izi ndi giredi yoyamba," anayankha amayi, mawu ali owuma.

"Yoyamba kwa ndani?"

Funso limenelo linali ngati langa ndithu, moti ndinatsala pang'ono kuseka. Nditaona nkhope ya amayi, chiseko chinanditheratu. Tinagulitsako pang'ono kwa bambo wina wophika m'nyumba za kumayadi, amene anathyola chimodzi pafupi ndi khutu lake, n'kunena m'Chichewa chathu kuti, "Izi ndiye zenizeni, mayi." Amayi anamuwonjezera dzanja lathunthu. Zotsalazo, pafupifupi zonse, zinakwera nafe kombi kubwerera ku Dzivarasekwa.

Tinafika masana, dzuwa lili paliwombo. Amayi anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala osavula n'komwe diresi la kutchalitchi. Anayang'ana makatoni aja kwa kanthawi.

"Koleza moto," anatero. "Miphika iwiri."

Ngakhale pamenepa sanalole kusakaniza. Mumphika wina munalowa zakumanja, mumphika winawo zakumanzere za m'mawa wa dzulo lake, madzi ofanana, mchere wofanana, popanda mafuta chifukwa tinalibe. Zitapsa anaitana mdzukulu wawo, anatsinzina, n'kumuuza kuti aziwaika m'kamwa chimodzichimodzi osanena komwe chachokera. Mwanayo anayesa ndi masewera, ankaseka. Ine ndinali chiimire ndi chipande m'manja. Funso limeneli ndinali nditalisunga kuyambira ndili wamng'ono, ndipo tsopano ndinkaopa yankho lake.

Anatafuna choyamba pang'onopang'ono. Chachiwiri. Anapempha chachitatu ndi chachinayi. Kenako anatsegula maso.

"Chachiwiri ndi chachinayi ndi za ndege," anatero, ndipo mwanayo anaomba m'manja chifukwa analondola.

"Ndiye zikukoma bwanji, amayi?"

"N'zofewako pang'ono."

"Basi?"

"Basi." Anayang'ana miyendo yawo yotupa ija. "Zaka zonsezi. Zofewako pang'ono."

Sanalire. Ndinalira ndine, ndipo anandikalipira kuti ndikuwopseza mwana. Tinadya zitheba za ndege tsiku limenelo ndi mbatata yophika, mpaka mimba kuti nga, n'kugawirako mayi wa munda woyandikana uja, yemwe sananene chilichonse chotikumbutsa. Titatsuka mbale amayi anati ndiwaimbire achimwene.

Ndinakana. Ndinati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno: munda ulipo, chitsime chilipo, tizisiye zitheba zinenepe sabata imodzi, tikagulitse ku Mbare ngati anthu ena onse. Ndinati achimwene sangadziwe kusiyana kwake. Ndinachonderera, ndinawakumbutsa za khomo lomwe anatulukira bambo.

"Ndinati zikakwera ndege," anatero. "Sindinati kombi." Kenako ananena chomwe ndikuganiza kuti chinali chifukwa chenicheni. "Komanso manja angawa sangathe. Kuchiona chitheba chafika, n'kuchisiya dala kuti chiwonongeke? Iwe ungathe, sunaphunzire. Ine ayi."

Ananyamuka Khirisimasi isanafike, ndi chikwama chimodzi. Chisoti choyera anachisiya pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo chikadali pomwepo.

Kadimba kaja ndimalimabe mpaka lero. Ndimabzala zitheba, ndimazisiya zinenepe, ndimazitapa ndi manja awiri, ndipo amayi a matebulo amandidziwa. Zinaphunzitsa mwana wanga mpaka kumaliza sukulu. Ndimamva kuti mashedi ena anatsegulanso ndipo ndege zikunyamulanso za m'minda yathu, koma mafunso anga sanathe. Sindikumvetsabe kuti banki ikagwa kutsidya kwa nyanja, zimatheka bwanji kuti munthu amene achoke panyumba pake akhale mayi wa ku Dzivarasekwa yemwe sanalakwitsepo chitheba n'chimodzi chomwe.

Amayi ali ku Joni, akalamba, amayenda ndi ndodo. Alamu anga amadandaula kuti kupita nawo kusitolo n'kuchedwa, chifukwa amaima pa zamasamba n'kumatembenuza mapaketi, kuwerenga zopindika zomwe wina analola kuti zidutse. Amabwera kuno kamodzi pa zaka zingapo, amakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, koma kudambo safuna kutsikako. Lamlungu lililonse timalankhula pa foni. Amafunsa za denga, za mdzukulu, za amene wamwalira mumsewu mwathu. Ndikawauza kuti ndathyola zitheba, amangofunsa funso limodzi.

"Wasankha?"

Ine, amene moyo wanga wonse ndakhala ndikuvutitsa anthu kuti andiuze zoona, ndimayang'ana mulu wanga wa zokhotakhota uli pasaka.

"Ndasankha, amayi," ndimatero.